Mmene mungapezere malo m'boti la mpikisano wa Sydney Hobart

Anthu ambiri amauona mpikisano wa Sydney Hobart tsiku limodzi lokha, pa 26 Disembala, pamene maboti a matanga athithikana m'doko la Sydney ku Australia. Mzinga ukalira 1 koloko masana, onse amathamangira potulukira kunyanja yaikulu. Ine ndinauonera choncho zaka zitatu ndili pamtunda, mtima uli dyokodyoko, ndisanadziwe kuti munthu wopanda boti lakelake akhoza kukwera nawo. Ulendo wake ndi wa mamailosi a panyanja 628, makilomita oposa 1,160, kuchokera ku Sydney kukafika ku Hobart pachilumba cha Tasmania. Chimene ndikufuna mumve n'chakuti malo m'boti sapezeka mu Disembala. Amapezeka miyezi yambiri m'mbuyo mwake, pa tinthu ting'onoting'ono.

Choyamba, dziwikani padoko. Okonza mpikisanowu ndi a Cruising Yacht Club of Australia, omwe ali ku Rushcutters Bay, mothandizana ndi a Royal Yacht Club of Tasmania. Kalabuyi ndi makalabu ena a ku Sydney amachititsa timipikisano ta m'doko, tina ta madzulo m'nyengo yotentha, tina ta m'nyengo yozizira, ndipo eni maboti amasowa anthu pafupipafupi. Pitani mukadzionetse, ndipo mukanene zoona pa zimene mukudziwa ndi zimene simukuzidziwa. Ntchito yoyamba imene adzakupatseni ndi kukhala m'mphepete mwa boti, miyendo ili kunja, kuti kulemera kwanu kuthandize boti kusapendekeka kwambiri. Musaipeputse. Mwini boti amakhala akukuonani: kodi mumafika nthawi yake, kodi akanena kamodzi mumamva, kodi mumatsalira kupinda matanga anzanu atathamangira ku zakumwa? Ine anandiitana ku ulendo woyamba wa kunja kwa doko chifukwa ndinkakulunga zingwe mosamala n'kuzibwezera pamalo pake. Panalibenso chifukwa china.

Kenako tulukani kunyanja yaikulu, ndipo mugoneko. Chisanafike Chikondwerero cha Khirisimasi pamakhala mipikisano ingapo yokonzekera, monga wa Sydney Gold Coast ndi wa Cabbage Tree Island. Okonza amafuna kuti boti lililonse lionetse kuti layendapo kale ulendo wautali lisanaloledwe kupita ku Hobart, ndiye eni maboti amayesera anthu awo m'mipikisano imeneyi. Inunso m'menemo ndi mmene mudzadziwire thupi lanu. Nseru ya panyanja siona nkhope. Ine inandigwira usiku woyamba, ndili pansi m'boti kufunafuna magolovesi m'chikwama, mutu uli wozyolika. Kuchokera tsiku limenelo ndimaika m'thumba la jekete zonse zimene ndingazifune usiku, ndipo ndikatsika pansi ndimagona msanga chagada, maso ali otseka. Mankhwala a nseru muwayesere muli pamtunda, chifukwa ena amagonetsa kwambiri, ndipo muyambe kumwa boti lisananyamuke. Kusanza si mlandu. Chimene anzanu amayang'ana n'chakuti mukatha kusanza mumabwerera pa chingwe chanu.

Pa za chitetezo ndiye ndikhalitsapo. Mu 1998 maboti 115 ananyamuka, koma namondwe anawapeza akuyandikira Bass Strait, nyanja imene ili pakati pa mtunda waukulu wa Australia ndi chilumba cha Tasmania. Anthu 6 anamwalira, maboti 5 anamira, anthu 55 anachita kupulumutsidwa, ndipo maboti 44 okha ndi amene anafika ku Hobart. Malamulo ambiri amene mudzawapeze anabadwa chaka chimenecho. Munthu wosakwana zaka 18 saloledwa kukwera. Theka la anthu a m'boti, kapena kuposa, ayenera kukhala ndi satifiketi ya maphunziro a chitetezo ndi kudzipulumutsa panyanja. Musadikire kuti akuuzeni. Kachiteni maphunzirowo nokha, chifukwa mwini boti akamawerenga anthu ake, wa satifiketi amamuthandiza kukwaniritsa lamulo.

Komanso maphunzirowo amatsegula maso. Amakulowetsani m'damu losambira mutavala zovala zonse za panyanja, jekete yoyandamitsa itafufuma mpaka m'makutu, n'kukuuzani kuti mukwere m'kaboti kopopa kopulumukira. Ndinkaganiza kuti n'zophweka. Ndinayesa katatu, manja akuterereka, nsapato zitadzaza madzi, mpaka anzanga awiri anachita kundikoka pa lamba. Amenewo anali madzi odekha, masana, magetsi akuyaka. Ndinatuluka m'damumo nditamvetsa chifukwa chimene akuluakulu amanenera kuti ntchito yaikulu ndi kusagwera m'madzi n'komwe. Ndiye usiku, ngakhalenso masana mafunde akakula, kolekani chingwe cha lamba wanu pa boti musanatulutse mutu panja, ndipo muzichikoleka kwina musanachichotse pamene chili. Kachipangizo kosonyeza pamene muli mukagwera m'madzi kazikhala pathupi panu, osati m'chikwama. Samalaninso ndi chitsulo chopingasa chimene chili m'munsi mwa thanga lalikulu, chomwe amachitcha boom, pamodzi ndi zingwe zake. Boti likatembenuka mwadzidzidzi mphepo ili kumbuyo, chitsulocho chimasesa chilichonse chimene chapeza. Mu 2024 anthu awiri anamwalira usiku woyamba pa maboti awiri osiyana, onse ali m'boti momwemo. Funsani kaputeni akusonyezeni malo amene simuyenera kukhala, boti likadali padoko.

Katundu tengani wochepa, m'kachikwama kosalowa madzi. Disembala ku Sydney kumatentha, koma mukamafika ku Tasmania usiku kumazizira koopsa. Valani zovala zingapo zopyapyala mophatikiza, pamwamba pake jekete ndi buluku zosalowa madzi. Za thonje zisiyeni kunyumba, zikanyowa siziuma. Musaiwale chipewa chotentha, masokosi ouma amene mwawasungira tsiku lachitatu, ndi tochi ya pamutu yokhala ndi kuwala kofiira kuti musathobwe m'maso wogwira chiwongolero.

Moyo wa m'boti umayenda mosinthana: gulu lina lili pantchito maola atatu kapena anayi, lina likugona. Nthawi yanu yogona ikakwana, gonani, ngakhale dzuwa lili paliwombo ndipo kunja kukukoma. Dzukani mphindi khumi nthawi isanakwane kuti mnzanu amene wazizidwa asakudikireni. Idyani ngakhale pang'ono, imwani madzi ngakhale mulibe ludzu.

Njira yake muiphunzire pa mapu musananyamuke. Mukatuluka ku Sydney mumatsika chakumwera motsata gombe la New South Wales, ndipo madzi oyenda a East Australian Current amakukankhirani komweko. Ubwino wake ndi umenewo, koma vuto lake lili pomwepo: mphepo yamphamvu yochokera kumwera ikawomba molimbana ndi madziwo, mafunde amatalika n'kukhala otsetsereka, ndipo boti limadzimenyetsa pansi mpaka mano kugundana. Mukafika pa Green Cape, kaputeni amayenera kuuza okonza mpikisano kuti boti ndi anthu ake ali bwino kuti apitirize. Pafupi pomwepo pali doko la Eden, kumene maboti ovulala amathawira. Ngati kaputeni wanu wati tikhotere ku Eden, musanyinyirike. Kutsogoloko kuli Bass Strait, kopanda pobisala. Mukawoloka, mumatsika gombe la kum'mawa kwa Tasmania, kuzungulira Tasman Island ndi matanthwe ake ataliatali, kudutsa Storm Bay, n'kulowa mumtsinje wa Derwent pa Iron Pot. Mtsinje umenewu umatopetsa anthu. Usiku mphepo imakonda kufa, ndipo mukhoza kukhala maola ambiri mukuona magetsi a Hobart, matanga ali lende, boti limene munalisiya kutali likukupezani. Pamenepo yendani pang'onopang'ono m'boti, lankhulani motsitsa, khalani pamene akuuzani kuti mukhale.

Musadziyerekeze ndi maboti akuluakulu a mafiti 100. Comanche inafika mu 2017 itayenda tsiku limodzi, maola 9 ndi mphindi 15, ndipo Wild Oats XI inakhala yoyamba kufika maulendo 9. Boti limene lingakutengeni inu mwina lidzatenga masiku atatu, anayi kapena kuposa. Rani ya John Illingworth, imene inapambana mpikisano woyamba mu 1945 pa maboti 9, inayenda masiku oposa 6. Komanso chikho chimene amalinyero amachilemekeza kwambiri ndi Tattersall Cup, chomwe chimapita kwa wopambana nthawi zikawerengedwa molingana ndi kukula ndi mapangidwe a boti lililonse. Boti laling'ono likhoza kuchitenga.

Ngati chaka chino malo sanapezeke, pali khomo lina limene ambiri saliona. Maboti onsewo akafika padoko la Constitution Dock ku Hobart amayenera kubwerera kwawo mu Januwale, ndipo ambiri mwa amene anapikisana amakwera ndege kuthamangira kuntchito. Eni maboti amasowa anthu obwezera boti. Uzani kaputeni mu Novembala kuti ulendo wobwerera mulipo. Mudzawoloka Bass Strait yomweyo popanda liwiro la mpikisano, adzakugwiritsani chiwongolero maola ambiri, ndipo dzina lanu lidzakhala kale mufoni mwake akamalemba anthu a chaka chamawa.