Kuchotsa ntchito munthu amene sakukwanitsa: chitani motere

Mwafunsa kuti wogwira ntchito pa ofesi yanu ya bungwe lothandiza anthu kuno ku Lilongwe malipoti ake amachedwa mwezi ndi mwezi, ndiye mumuchotse bwanji. Musathamange, bambo. Ngakhale likulu la bungwe lanu lili kunja, kuno mutsatira lamulo la za ntchito la Malawi, la Employment Act la 2000.

Yambani ndi kukhala naye pansi. Muuzeni pomwe akulephera, mumusonyeze malipotiwo ndi madeti ake, mumve vuto lake. Mwina laputopu yake ndi yakufa, kapena palibe anamuphunzitsa. Gwirizanani zoti akonze ndi nthawi yake, musayinirane.

Zikapanda kusintha, mpatseni kalata yochenjeza. Kenako muitaneni kuti adzayankhepo. Apa ndi pamene ambiri amagwera: gawo 57 la lamuloli likufuna chifukwa chomveka komanso mpata woti munthu adziteteze. Mukadumpha, mukakumana ku Industrial Relations Court, khoti loweruza milandu ya za ntchito, ndipo inuyo ndi amene mukapereke umboni.

Pomaliza, mukaganiza zomuchotsa, mpatseni kalata yofotokoza chifukwa, notisi ya mwezi umodzi ngati amalandira pamwezi, malipiro ake onse ndi ndalama za masiku a tchuthi omwe sanapume. Muuzeni muli awiri, osati pamaso pa anzake.