Akodiyoni ya ku Louisiana: Yambani ndi Mvukuto

Miyezi yoyamba yophunzira akodiyoni ndinkadzudzula zala zanga kuti n'zouma, osadziwa kuti wolakwa ndi mvukuto, chikumba chopindikapindika chapakati chija chimene chimapuma mpweya.

Akodiyoni ya Akajuni ndi Akiliyo, magulu a anthu a ku Louisiana ku America amene makolo awo ankalankhula Chifalansa, ndi kabokosi kakang'ono. Kudzanja lamanja kuli mabatani 10 pamzere umodzi, kumanzere awiri okha, pamwamba timitu tinayi totsegulira mawu. Batani lililonse limalira pawiri: mukakankha mvukuto liwu lina, mukakoka lina, monga harmonica. Yambani ndi ya kiyi C, poti ndi imene aphunzitsi ambiri amagwiritsa ntchito. Ya D idzabwera mukadzayamba kuimba ndi anthu a vayolini.

Khalani pampando, bokosi pa ntchafu, chala chachikulu chamanja mu kalamba kake. Pezani batani lachitatu. Kukankha ndi do, kukoka ndi re. Lachinayi mi ndi fa, lachisanu so ndi la. Pa lachisanu ndi chimodzi zinthu zimatembenuka: ti ali pokoka, do wam'mwamba pokankha. Pamenepa ndinkaphonya tsiku lililonse kwa milungu iwiri, mpaka mwana wanga anayamba kutseka chitseko cha chipinda chake ndikangogwira bokosi.

Koma nyimbo zidikire kaye. Sabata yoyamba ipatseni dzanja lamanzere. Pa waltz mumagunda besi kamodzi, batani linalo kawiri: dum-cha-cha. Pa two-step mumasinthana, dum-cha, dum-cha, phazi likugunda pansi. Chala chachikulu chakumanzere chikhale pa batani la mpweya. Mvukuto ukafutukuka kwambiri, mkono wafika kutali ngati mukuyanika nsalu, dinani pang'ono mubwerere osadula kugunda. Mvukutowo ndiwo mwini ntchito yonse. Woimba wabwino satambasula kwambiri, mvukuto umangogwedezeka pang'onopang'ono. Kukokera kutali n'kudzitopetsa chabe.

Kenako phunzirani kuimba mawu awiri ofanana, wapansi ndi wam'mwamba, nthawi imodzi, chifukwa ndi zimene zimapatsa nyimbozi kulemera kwake. Pokankha gwirani lachitatu ndi lachisanu ndi chimodzi. Pokoka chala chaching'ono chisunthire pa lachisanu ndi chiwiri. Kasunthidwe kameneka kamapweteka dzanja poyamba.

Mabuku a manotsi sanandithandize kwenikweni. Nyimbozi zimalowera m'khutu. Mverani Joe Falcon ndi Cléoma Breaux, amene mu 1928 anajambula mbale yoyamba ya nyimbo za Akajuni. Kenako Amédé Ardoin, Mkiliyo wakuda amene anajambula ndi woimba vayolini wachizungu Dennis McGee mu 1929, nthawi ya tsankho loopsa. Iry LeJeune ndiye anabwezeretsa akodiyoni pamalo pake nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha. Clifton Chenier ndimamukonda, koma zydeco yake, nyimbo zovina za Akiliyo, ankaimba pa akodiyoni yaikulu ya makiyi a piyano, ndiye musayese kumutsanzira pa kabokosi aka. Sankhani waltz imodzi, muichedwetse pa YouTube, muziyamba mwaing'ung'udza pakamwa musanaifune pa mabatani.

Mukadzafika ku Eunice, tawuni ya ku Louisiana komweko, Loweruka m'mawa anthu amasonkhana kuimba pa sitolo ya Marc Savoy, wopanga akodiyoni wodziwika. Khalani kumbuyo, imbani motsitsa, maso pa dzanja lamanzere la agogo amene akutsogolera.