Momwe mungatsatirire nkhani za distirikiti ya sukulu ya mwana wanu ku America

Makolo ambiri amene ana awo akuphunzira m'masukulu a boma ku America amadalira kapepala kobwera m'chikwama cha mwana. Kapepalako n'kofunika, koma kawirikawiri kamafika nkhani itapsa kale. Sukulu ikamatsekedwa, malire a dera akamasunthidwa, basi ikamaleka kudzera msewu wanu, amene wagamula si mphunzitsi wa mwana wanu. Ngakhale mphunzitsi wamkulu amangouzidwa. Zoterezi zimakambidwa ku distirikiti, bungwe loyang'anira masukulu a boma a m'dera lanu, poyera, kudakali miyezi, ndipo kholo lililonse lili ndi mpata wozimva zisanagamulidwe. Chofunika n'kudziwa koyang'ana ndi nthawi yake.

Dziwani kaye distirikiti yanu

Dziko la America lili ndi madistirikiti a masukulu oposa 13,000, iliyonse ndi kalendala yake, bajeti yake ndi malamulo ake. Malire a distirikiti satsata malire a mzinda nthawi zonse, moti nyumba ziwiri zoyang'anizana zikhoza kukhala m'madistirikiti osiyana. Hawaii yonse ndi distirikiti imodzi, pomwe mzinda wa San Antonio ku Texas wagawika m'madistirikiti oposa 10. M'madera ena a Arizona, Illinois ndi California masukulu a pulayimale ali ndi distirikiti yawo, a sekondale nawonso yawo, choncho kholo la ana awiri likhoza kumatsata mabodi awiri oyang'anira madistirikitiwo.

Musadalire zonena za woyandikana naye nyumba kapena wobwereketsa nyumba. Pa webusaiti ya distirikiti pamakhala malo olembapo adiresi kuti muone sukulu ya dera lanu. Mukatsimikiza, lembani penapake mayina atatu: mphunzitsi wamkulu, superintendent amene amayendetsa distirikiti yonse, ndi membala wa bodi woimira dera lanu ngati kwanuko mamembala amasankhidwa potengera madera.

Konzani nambala yanu ya foni ku ofesi

Apa ndi pomwe ambiri amaphonyera. Distirikiti imatumiza mauthenga ku nambala ndi imelo imene munalemba tsiku lolembetsa mwana. Ngati munasintha foni, kapena munalemba nambala ya m'bale amene anakuperekezani tsikulo, mauthenga onse akupita kwina. Pitani ku ofesi ya sukulu mukapemphe kuti akuwerengereni zimene zili m'kompyuta mwawo. Onetsetsaninso mndandanda wa anthu ololedwa kutenga mwana. Amene dzina lake mulibemo sangapatsidwe mwanayo, ngakhale atakhala azakhali ake enieni.

Muli komweko, pemphani akutsegulireni akaunti ya makolo ya pa intaneti. Madistirikiti amagwiritsa ntchito mapulogalamu monga PowerSchool, Infinite Campus kapena ParentVUE oonetsera malikisi ndi masiku amene mwana wajomba, komanso ena monga ParentSquare, Remind kapena ClassDojo otumizira mauthenga. Tsegulani akaunti yanuyanu, musamalowere pa ya mwana, chifukwa pali mafomu ndi zidziwitso zimene zimaoneka kwa kholo lokha. Ngati bambo ndi mayi mumakhala kosiyana, aliyense akhale ndi yake.

Kalendala ikoperani yonse tsiku limodzi. Masiteti ambiri amafuna masiku ophunzira pafupifupi 180 pa chaka, koma mkati mwake muli masiku amene ana amaweruka msanga ndi ena amene aphunzitsi okha ndiwo amapita kusukulu. Masiku amenewa ndi amene amasokoneza kholo logwira ntchito ya mashifiti. Kumadera kozizira dziwaninso momwe distirikiti imalengezera kuti sukulu kulibe kapena iyamba mochedwa ndi maola awiri chifukwa cha chipale chofewa. Uthengawo umabwera usiku kapena mbandakucha.

Kujomba musakutenge mopepuka. Mwana akaphonya tsiku limodzi mwa masiku 10 aliwonse, omwe ndi masiku 18 pa 180, amawerengedwa m'gulu la ojombajomba, kaya panali chifukwa chomveka kaya ayi. Ku California ndi ku Texas ndalama zimene boma la siteti limapereka zimatengera ana amene afikadi m'kalasi tsiku ndi tsiku, n'chifukwa chake makalata a nkhani imeneyi sachedwa kubwera.

Mapepala a kumayambiriro kwa chaka

Mu Ogasiti kapena Seputembala mumabwera mulu wa mafomu, ndipo chiyeso chimakhala chongosainira kuti zithe. Awiri mwa iwo akhalireni pansi.

Yoyamba ndi fomu ya chakudya cha kusukulu. Banja lopeza ndalama zosaposa 130 peresenti ya mlingo wa umphawi woikidwa ndi boma limalandira chakudya chaulere, ndipo lopeza zosaposa 185 peresenti limalipira mtengo wotsika. Fomuyi imalembedwa chaka chilichonse. Chilolezo cha chaka chatha chimagwira ntchito masiku 30 okha oyambirira a sukulu, kenako ngongole imayamba kuunjikana kholo osadziwa. Masiteti ena, monga California ndi Maine kuyambira 2022, amadyetsa ana onse ulere. Ngakhale kumeneko, sukulu ikakupemphani fomu yofotokoza za kapezedwe ka banja ndi bwino kuilemba, popeza ziwerengero zake zimathandiza sukuluyo kulandira ndalama zothandizira ana ochokera m'mabanja osowa.

Yachiwiri ndi chidziwitso cha lamulo la FERPA la 1974. Lamuloli limakupatsani ufulu woona zolembedwa zonse zokhudza mwana wanu pasanathe masiku 45 kuchokera tsiku lomwe mwapempha. Limalolanso sukulu kupereka kwa anthu ena zinthu monga dzina, adiresi ndi chithunzi cha mwana, pokhapokha inu mutakana. Nthawi yokanira amaitchula m'chidziwitsomo ndipo imakhala yaifupi. Kwa ana a sekondale, olemba anthu ntchito ya usilikali ali ndi ufulu wopempha mayina, maadiresi ndi manambala a foni, ndipo apanso kholo likhoza kukana polemba. Mwana akakwanitsa zaka 18, ufulu wa FERPA umasamukira kwa iye.

Pemphani womasulira, musachite manyazi

Chingerezi cha m'makalata a distirikiti n'cholimba ngakhale kwa obadwira komweko. Lamulo la ufulu wa anthu la 1964 limaletsa masukulu olandira ndalama za boma kuchitira anthu tsankho potengera dziko lomwe anachokera, ndipo madistirikiti ambiri ali ndi ofesi yoona za kumasulira. Uzani sukulu chilankhulo chimene mumamva bwino kuti achilembe m'kompyuta. Womasulira Chichewa sapezeka pompopompo, choncho pemphani kudakali masabata, ngakhale atakhala wa pa foni. Pa msonkhano wa IEP, wokonza dongosolo la maphunziro a mwana wofunika chithandizo chapadera, lamulo la IDEA limalamula distirikiti kuonetsetsa kuti kholo likumva zonse, kuphatikizapo kupeza womasulira. Chonde musalole kuti mwana wanu yemweyo akhale womasulira pa nkhani yokhudza iye mwini. N'katundu wolemera kwa mwana, ndipo mawu ena sangafike kwa inu momwe anenedwera.

Makolo ena amaopa kufika ku ofesi chifukwa cha nkhani za mapepala okhalira m'dziko. Mu 1982, pa mlandu wa Plyler v. Doe, khoti lalikulu la America linagamula kuti boma silingamane mwana maphunziro a sukulu za boma pa chifukwa chimenechi. Banja likasowa pokhala n'kumagona kwa abale kapena m'nyumba zosungira anthu, lamulo la McKinney-Vento limati mwana alembetsedwe nthawi yomweyo ngakhale mapepala ena asanapezeke, ndipo distirikiti iliyonse ili ndi munthu woona za nkhaniyi.

Werengani ajenda ya bodi

Apa ndiye pagona nkhani. Distirikiti imayendetsedwa ndi bodi, yomwe m'madera ambiri imasankhidwa ndi anthu pa chisankho. Bodi ndiyo imalemba ntchito superintendent, imavomereza bajeti ndi kalendala, imajambula malire ndi kutseka masukulu. Masiteti onse 50 ali ndi malamulo oti misonkhano ya mabodi oterewa izichitika poyera. Ku California, lamulo la Brown Act limati ajenda ya msonkhano wa nthawi zonse ilengezedwe kudakali maola 72. Kwina nthawiyi ndi yosiyana, koma kawirikawiri ajenda imatuluka msonkhano usanachitike, pa webusaiti ya distirikiti kapena pa pulogalamu monga BoardDocs.

Simukuyenera kuwerenga tsamba lililonse. Pezani tsiku lokhazikika la msonkhano, kaya kamodzi kaya kawiri pa mwezi, ndipo masiku atatu msonkhanowo usanafike tsegulani ajenda n'kufufuzamo dzina la sukulu ya mwana wanu. Kenako yang'anani mawu ochepa awa: boundary, consolidation, closure, bell schedule ndi transportation. Amenewa akunena za malire, kuphatikiza kapena kutseka masukulu, nthawi yolowera ndi kuwerukira, ndiponso mabasi. Mukaona kuti kwakhazikitsidwa komiti younika nyumba za masukulu kapena chiwerengero cha ana, tcherani khutu, chifukwa kutseka sukulu kumayambira pamenepo.

Pali gawo lotchedwa consent agenda, momwe amaikamo nkhani zambiri zovomerezedwa ndi voti imodzi popanda kukambirana. Zambiri mwa izo ndi zazing'ono, koma makontirakiti a mabasi ndi a chakudya amatha kudutsira momwemo. Muziliwerenga. Malamulo atsopano m'madistirikiti ambiri amawerengedwa pa misonkhano iwiri, ndipo voti imachitika pa wachiwiri. Mpata wanu weniweni uli pakati pa misonkhano iwiriyo.

Nyengo ya bajeti ndi yofunika kuposa ina yonse. Chaka cha zachuma m'madistirikiti ambiri chimayamba pa 1 Julayi, ndiye kuti zokangana zimachitika kuyambira Febuluwale mpaka Juni. Boma lalikulu la ku Washington limapereka pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a ndalama za masukulu. Zotsalazo zimachokera ku siteti ndi ku misonkho ya m'deralo, makamaka msonkho wa nyumba ndi malo. Ndalama za siteti zimatsata chiwerengero cha ana, choncho ana akachepa m'distirikiti, ndalama nazo zimachepa pomwe nyumba zofunika kusamalira zili zomwezo. Ndalama zapadera za nthawi ya COVID-19, pafupifupi madola 190 biliyoni m'dziko lonse, nthawi yozigwiritsira ntchito inatha cha kumapeto kwa 2024, ndipo madistirikiti ambiri anayamba kuchepetsa antchito ndi kuunika masukulu osadzaza.

Nkhani zoterezi zikafika poyera zimathamanga. Ku Chicago mu 2013 mndandanda wa masukulu oti atsekedwe unatuluka mu Malichi, ndipo pofika Meyi bodi inali itavotera kutseka masukulu pafupifupi 50. Miyezi iwiri ndi yochepa kwa kholo lomwe likuyamba kumene kufunsa kuti bodi imakumanira kuti.

Mphekesera ndi nkhani zadzidzidzi

Magulu a makolo pa Facebook ndi WhatsApp amathandiza, koma chimene mwamva kumeneko katsimikizireni pa webusaiti ya distirikiti musanachitumize kwa ena. Kukachitika zoopsa sukulu n'kutseka zitseko, mtima umati thamanga. Dikirani uthenga. Magalimoto a makolo amatseka njira ya apolisi ndi ambulansi, ndipo distirikiti imatchula malo okatengerako ana. Mukamapita kumeneko tengani chiphaso chokhala ndi chithunzi chanu.

Mukafuna kukalankhula

Dandaulo lokhudza mwana wanu yekha liyambire kwa mphunzitsi, kenako kwa mphunzitsi wamkulu, kenako ku ofesi ya distirikiti, ndipo chilichonse chikhale cholembedwa pa imelo. Ku bodi pitani ndi nkhani yokhudza ana ambiri.

Misonkhano imakhala ndi nthawi yoti anthu wamba alankhule, nthawi zambiri mphindi ziwiri kapena zitatu munthu aliyense. Funsani mlembi wa bodi njira yolembetsera, popeza kwina amatseka kulembetsa msonkhano usanayambe. Lembani mawu anu ndipo muwawerenge kunyumba mukuyang'ana wotchi. Tchulani nambala ya nkhaniyo pa ajenda, fotokozani momwe ikhudzire ana a m'dera lanu, mwachitsanzo mtunda umene adzayende kapena msewu waukulu umene adzawoloke, kenako nenani chinthu chimodzi chimene mukupempha. Mamembala akangoti zikomo osayankha musakhumudwe. M'madera ambiri salowa m'zokambirana pa nthawi imeneyi. Atumizireni mawu omwewo pa imelo usiku womwewo, ndipo ngati n'kotheka pitani makolo angapo, aliyense ndi mfundo yake.

Kulankhula pa msonkhano n'kosiyana ndi kuvota. Zisankho za mamembala a bodi, ndiponso mavoti a ngongole zomangira masukulu kapena a msonkho, pafupifupi kulikonse ndi a nzika zokha. Ngati simunakhale nzika, musalembetse m'kaundula wa ovota ngakhale wina atakupatsani fomu, chifukwa zikhoza kuwononga mapepala anu okhalira m'dziko. Ngati ndinu nzika, fufuzani tsiku, popeza zisankhozi sizichitika mu Novembala nthawi zonse. M'madistirikiti ambiri a siteti ya New York anthu amavotera bajeti ya masukulu Lachiwiri lachitatu la mwezi wa Meyi.

Msonkhano ukatha, bwererani pa webusaiti mukaone maminitsi kapena vidiyo yake kuti mudziwe amene anavotera mbali iti. Ngati nkhani yanu yaimikidwa kaye, funsani mlembi tsiku limene ibwererenso pa ajenda, ndipo mulilembe pa kalendala yomwe ija.