Momwe mungayendere wapansi kuchoka pa siteshoni ya Edale kukafika ku Hope

Abale amene muli ku Manchester kapena ku Sheffield, simufunika galimoto kuti mukapume mpweya wa kumapiri. Sitima za Northern zodutsa m'chigwa cha Hope Valley zimakutulani pakati penipeni pa Peak District, dera limene linakhala national park yoyamba ya Britain mu 1951. Ulendo umene ndimaukonda ndi wa makilomita opitirira 10, maola anayi ngati simukuthamanga.

Yambani ndi tikiti. Mukutsikira siteshoni ina, kukwerera ina, choncho gulani yopita ndi kubwerera ya siteshoni yakutaliyo. Ochokera ku Manchester Piccadilly gulani ya ku Hope koma mutsikire pa Edale. Ochokera ku Sheffield gulani ya ku Edale. Muuzeni wogulitsa matikiti cholinga chanu, chifukwa matikiti a Advance, ogulidwiratu a sitima ya nthawi imodzi yokha, salola zimenezi. Onaninso nthawi ya sitima zobwerera, popeza nthawi zambiri imabwera imodzi pa ola.

Kenaka zovala. Ine ulendo woyamba ndinapita ndi nsapato zoyendera m'tauni, ndipo ndisanafike pena paliponse matope anali atandilowa mpaka m'masokosi. Valani nsapato zolimba zogwira pansi, tengani jekete ya mvula ngakhale kunja kutacha bwino, madzi, kamba wa panjira ndi mapu a Ordnance Survey olembedwa OL1. Foni yokha musaidalire.

Mukatsika pa Edale, yang'anani kum'mwera. Phiri mukulionalo ndi Mam Tor, lotalika mamita 517. Njira imadutsa m'mafamu a nkhosa, ndipo lamulo limakulolani kuyendamo bola mutsate mivi yachikasu ya pa mitengo ndi pa zipata. Chipata mukachipeza chotseka, chitsekeninso. Galu akhale pachingwe, makamaka nyengo imene nkhosa zikuswa.

Chitunda chimawawa pokwera Mam Tor pokha. Mukafika pampata wa Mam Nick pali masitepe a miyala okufikitsani pamwamba, ndipo pamenepo musafulumire ayi. Mphepo imaomba mpaka misozi kutuluka, koma kumpoto muona phiri la Kinder Scout, kumene mu 1932 anthu anakwera mwadala kuphwanya chiletso cha eni malo, ena n'kumangidwa, pomenyera ufulu woyenda m'mapiri. Kumunsi, mbali ya mudzi wa Castleton, kuli msewu wong'ambikang'ambika umene anausiya mu 1979 chifukwa phirili limagumuka pang'onopang'ono.

Kuchoka apo tsatani msana wa phiri kulowera chakum'mawa: Hollins Cross, Back Tor, kenaka Lose Hill, mamita 476. Pa Back Tor pali phompho, ana agwireni dzanja. Mukatopa kapena nyengo ikasintha, pa Hollins Cross pali njira yotsetserekera ku Edale konkuja.

Kuchoka pa Lose Hill ndi kutsetsereka kokhakokha mpaka m'mudzi wa Hope. Apa ambiri amapusitsika: siteshoni siili m'mudzimo, ili patsogolo chakum'mawa, choncho siyani mphindi 20 zoyendera. Mu Disembala mdima umagwa cha m'ma 4 koloko madzulo, ndiye nyamukani ndi sitima ya m'mawa. Wina akavulala kuphiri, imbani 999, mupemphe apolisi, kenaka Mountain Rescue, gulu lopulumutsa anthu kumapiri.