Momwe mungatsekere tebulo pa nthawi yoyenera mukamagwiritsa ntchito trigger mu PostgreSQL

Tiyerekeze kuti mu database ya PostgreSQL muli ndi tebulo la olembetsa maphunziro ndipo kalasi imaloledwa kutenga anthu 40 okha. Mwalemba trigger (malamulo amene database imayendetsa yokha pakachitika zinthu monga kulowetsa mzere mu tebulo) yowerenga mizere munthu asanalowetsedwe, koma tsiku lina mwapeza mayina 41. Chachitika n'chakuti anthu awiri analembetsa nthawi imodzi, ndipo pa mulingo wa READ COMMITTED, womwe PostgreSQL imayendera ngati simunasinthe, transaction (gulu la malamulo amene amayendera limodzi ngati ntchito imodzi) siona mizere imene inzake sinamalize ndi COMMIT. Onse awiri anawerenga 39 n'kudutsa.

Choyamba, musathamangire kulemba LOCK TABLE mkati mwa trigger ya tebulo lomwelo, ngakhale kuti ambiri amayambira pamenepo. Trigger ikamadzuka, lamulo la INSERT limakhala litagwira kale loko ya ROW EXCLUSIVE, choncho ma transaction awiri akafuna loko yamphamvu kuposa imeneyi, iliyonse imadikira kuti inzake isiye yake. Ikatha sekondi imodzi, yomwe ndi nthawi ya deadlock_timeout ngati simunaisinthe, database imazindikira kuti zakolana ndipo imathetsa imodzi mwa ziwirizo.

Chachiwiri, ngati mukufunadi kutseka tebulo lonse, tsekani INSERT isanayambe. Lembani BEGIN, kenako LOCK TABLE olembetsa IN SHARE ROW EXCLUSIVE MODE, ndiyeno INSERT. Musaiwale kutchula mtundu wa lokoyo, chifukwa mukangolemba LOCK TABLE payokha mumapatsidwa ACCESS EXCLUSIVE, yomwe imaimitsa ngakhale ongowerenga ndi SELECT. Lamulo lotsekulira kulibe. Loko imachoka pa COMMIT kapena ROLLBACK basi.

Njira imene ine ndimaiona kuti ndi yabwino ndi kutseka mzere umodzi wa kalasiyo mu tebulo la makalasi. Pangani trigger ya BEFORE INSERT, ndipo mkati mwake yambani ndi SELECT ... FOR UPDATE pa mzerewo, kuwerenga kubwere pambuyo. Wachiwiri adzadikira woyamba kuti amalize, kenako adzawerenga 40 n'kukanidwa, pamene olembetsa makalasi ena akupitiriza osasokonezedwa. Apa nthawi ndi yofunika kwambiri. Mukaika zimenezi mu trigger ya AFTER, foreign key (yomwe imalumikiza olembetsa ndi tebulo la makalasi) ikhoza kukhala itagwira kale mzere womwewo ndi FOR KEY SHARE, ndipo kukolana kuja kumabwereranso. Dziwaninso kuti foreign key nayonso imagwira ntchito kudzera mu trigger ya AFTER, ndipo ma trigger a mtundu umodzi amadzuka motsatira alifabeti ya mayina awo.

Pomaliza, samalani poika trigger pa tebulo limene likugwira ntchito, popeza CREATE TRIGGER nayonso imafuna SHARE ROW EXCLUSIVE, ndipo ikamadikira, onse ofuna kulemba amafola pambuyo pake. Yambani ndi SET lock_timeout = '3s' kuti ikalephera kupeza loko isiye msanga, muyesenso pambuyo pake. Ikamalepherabe, funsani pg_blocking_pids() ndi pg_stat_activity kuti muone amene wagwira tebulolo.