Momwe mungathanirane ndi njoka zam'mimba pakhomo pomwe pali chifuwa chachikulu

Kuti tizilombo ta TB tikhale phee m'mapapo osadwalitsa munthu, thupi limadalira mbali ya chitetezo yotchedwa Th1. Njoka zikakhalitsa m'matumbo, chitetezo chimapendekera mbali ina, ya Th2, ndipo ya Th1 ija imafooka. Pamwamba pa izi, njoka zoyamwa magazi zimachepetsa magazi, zinazo zimalanda chakudya, ndipo thupi loperewera zakudya ndi limene TB yogona imadzukamo msanga. Ku Ethiopia ofufuza anapeza kuti odwala TB ankapezeka ndi njoka kawirikawiri kuposa abale awo osadwala a m'nyumba yomweyo. Mankhwala a njoka si katemera wa TB, koma amachotsera thupi katundu mmodzi.

Yambani ndi chifuwa, osati mimba. Aliyense amene wakhosomola milungu 2, akutuluka thukuta usiku kapena akuwonda, akapereke makhololo kuti ayezedwe pa makina oyezera TB otchedwa GeneXpert. Tiana ta nyongolotsi timadutsa m'mapapo tisanakakhale m'matumbo, ndiye timakhosomoletsa kwa masiku angapo. Ambiri amanamizika pamenepa: mwana watulutsa nyongolotsi, basi chifuwa chonse n'kuchiika pa njokazo, TB ikupitirira kudya mapapo.

Kenako yezetsani chimbudzi. Chikhale chatsopano, chosakhudzana ndi mkodzo kapena dothi, ndipo chifike msanga kwa woyeza. Kuyeza kamodzi kumaphonya, makamaka njoka ya Strongyloides, choncho ngati zizindikiro zilipo bwerezani tsiku lina.

Mankhwala a njoka ndi albendazole kapena mebendazole. Mlingo wa albendazole ndi 400 mg kamodzi kwa wazaka 2 kupita m'tsogolo, ndi 200 mg kwa mwana wa miyezi 12 mpaka 23. Mebendazole ndi 500 mg kamodzi. Mwana wosakwana zaka 3 muperereni m'bulu m'madzi pang'ono, angatsamwidwe. Mayi amene ali m'miyezi 3 yoyambirira ya pakati asamwe. Za mibulu yongogulitsidwa pamanja, yopanda paketi, yopanda tsiku lothera mphamvu, musataye nazo ndalama ngakhale itatchipa bwanji. Ina mwa iyo mulibe mankhwala okwanira.

Pamene zinthu zimalakwika kwenikweni ndi pa munthu amene wayamba kale mankhwala a TB. Mwa mankhwalawo muli rifampicin, yomwe imachititsa chiwindi kuphwanya mankhwala ena mofulumira kwambiri. Praziquantel, amene amachiza likodzo pa mlingo wa 40 mg pa kilogalamu iliyonse ya thupi, ndi mmodzi mwa ophwanyidwawo. Munthu amamwa, n'kumaganiza kuti wachira, pomwe m'magazi munangofika pang'ono chabe. Mphamvu ya rifampicin imeneyi siitha tsiku limodzi, imakhalabe kwa milungu munthu atasiya kumwa, choncho kudumphitsa mibulu ya TB kwa tsiku kapena awiri kuti mumwe praziquantel sikuthandiza chilichonse. Kumangopatsa tizilombo ta TB mpata wozolowera mankhwala. Uzani adokotala kuti muli pa mankhwala a TB, iwowo ndi amene aone nthawi yoyenera yochizira likodzolo.

Chachiwiri ndi choopsa kuposa pamenepa. Odwala TB ya muubongo kapena ya kachikopa kokuta mtima amapatsidwa prednisolone kapena dexamethasone, mankhwala ochepetsa kutupa amene amafooketsanso chitetezo cha thupi. Ngati m'thupi muli Strongyloides, mankhwala amenewa amaitsegulira njira: imaswana mosaletseka, kufalikira mpaka m'mapapo, ndipo imapha. Njoka imeneyi imatha kubisala m'thupi zaka zambirimbiri, ndipo m'bulu umodzi wa albendazole suimaliza. Mankhwala ake ndi ivermectin, mamaikulogalamu 200 pa kilogalamu, olembedwa ndi adokotala. Funsani za njokayi musanayambe kumwa prednisolone kapena dexamethasone.

Zotsalazo ndi zodziwika. Onse a pakhomo oyenera kumwa amwe mankhwala a njoka tsiku limodzi, chifukwa nyongolotsi yaikazi imodzi imaikira mazira pafupifupi 200,000 pa tsiku, ndipo mazirawo amakhala m'dothi kwa zaka. Chimbudzi chikhale chovundikira, m'manja musambe ndi sopo, nsapato kuphazi popeza njoka zoyamwa magazi zimalowera pakhungu. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati kumene ana 20 kapena kuposa mwa 100 ali ndi njoka mankhwala aperekedwe kamodzi pachaka, ndipo akapitirira 50 mwa 100, kawiri.