Mmene wophunzira wa pakoleji angapezere ndalama ndi dzina lake la m'masewero popanda kudyeredwa masuku pamutu

Wophunzira amene amasewera bwino mpira wamiyendo kapena wa ntchemberembaye, ngakhalenso amene amapambana pa mipikisano yothamanga, amadziwika msanga m'boma ngati la Dedza, ndipo sipapita nthawi yaitali eni mashopu a pa Boma, ogulitsa zipangizo zaulimi ku Lizulu ndi eni malo ogona alendo asanayambe kufuna kuti nkhope yake ioneke pa zikwangwani ndi pa masamba awo a Facebook. Ine ndikuona kuti wophunzira wotere ayenera kulandira ndalama, chifukwa thukuta ndi lake, dzina ndi lake, ndipo tsiku limene adzathyoke mwendo pabwalo ululu adzaumva yekha. Chimene chimavuta ndi kachitidwe kake, popeza achinyamata ambiri amavomera pakamwa, napatsidwa jezi imodzi ndi ya thiransipoti, kenako chithunzi chawo chimagwira ntchito kwa zaka popanda kulandiranso kanthu.

Mkangano wa nkhaniyi unakula kwambiri ku America, ndipo muli phunziro limene tingatengepo. Kumeneko bungwe la NCAA, lomwe limayendetsa masewero a m'makoleji, linkaletsa ophunzira kulandira ndalama chifukwa cha dzina kapena chithunzi chawo, pamene makoleji, makochi ndi makampani a wailesi za kanema ankapanga ndalama zankhaninkhani ndi masewero omwewo. Mu 2009 Ed O'Bannon, yemwe anasewerapo basketball pa yunivesite ya UCLA, anakamang'ala kukhoti ataona kuti masewero ena a pakompyuta akugwiritsa ntchito maonekedwe ake iye osalandira kalikonse, ngakhale anali atachoka pasukulupo kalekale. Mu 2019 dera la California linakhazikitsa lamulo lolola ophunzira kupindula ndi mayina awo, mu June 2021 khoti lalikulu kwambiri la dzikolo linagamula mokomera ophunzira mlandu umene wosewera wina wotchedwa Alston anasumira NCAA, ndipo kuyambira pa 1 July 2021 NCAA inasiya kuwaletsa kutsatsa malonda. Mu June 2025 woweruza milandu Claudia Wilken anavomereza mgwirizano wakuti osewera akale apatsidwe chipepeso cha ndalama pafupifupi madola 2.8 biliyoni, ndi kuti koleji iliyonse ikhoza kugawira osewera ake madola pafupifupi 20.5 miliyoni m'chaka choyamba. Dandaulo la O'Bannon linagona pa mapepala amene ophunzira ankasaina polowa m'timu, omwe ankapereka mphamvu pa zithunzi zawo kwa anthu ena ngakhale iwo atamaliza sukulu.

Kuno kwathu ndalama zotero kulibe. Koleji ya aphunzitsi ya St Joseph's ku Bembeke kapena koleji ya zankhalango ku Chongoni sizigulitsa masewero awo ku wailesi za kanema, choncho kunena kuti makoleji athu azilipira osewera mwezi ndi mwezi ndi kufuna chinthu chimene gwero lake palibe. Ndalama yeniyeni imene wophunzira angaigwire ndi ya wamalonda amene akufuna kugwiritsa ntchito dzina lake, ndipo malangizo otsatirawa akukhudza ndalama imeneyo.

Musanayankhe wamalonda aliyense, pitani ku ofesi yoona za ophunzira pakoleji panu mukafunse ngati pali lamulo lokhudza ophunzira otsatsa malonda, ndipo pemphani kuti yankho likhale lolembedwa, ngakhale likhale kakalata kakafupi. Ngati fizi yanu imalipidwa ndi mpingo, bungwe kapena kampani, werenganinso pepala limene munasaina polandira thandizolo, chifukwa ena mwa othandiza amaika mfundo zokhudza khalidwe ndi ntchito zina zimene wophunzira angagwire. Kumbukiraninso kuti dzina la koleji, chizindikiro chake ndi yunifomu ya timu ndi katundu wa koleji. Mukajambulitsa mutavala jezi ya sukulu mwagulitsa chinthu chimene si chanu, choncho valani zovala zanu zamasewero zopanda chizindikiro, pokhapokha akuluakulu a sukulu atalola.

Ophunzira ena amaseweranso m'matimu a kunja kwa sukulu amene ali pansi pa bungwe loyendetsa mpira wamiyendo m'dziko muno la FAM, ndipo alipo amene amalakalaka kufika m'timu ya mu ligi yaikulu ngati Dedza Dynamos. Ngati muli m'gulu limeneli, kambiranani ndi akuluakulu a timu poyamba, chifukwa timu ikakhala ndi kampani yoithandiza, kampaniyo siingakondwe kuona wosewera wake akutsatsa malonda a kampani yopikisana nayo. Malamulo a FIFA amati wosewera wa pulofeshonolo ndi amene ali ndi kontirakiti yolembedwa ndi timu ndipo amalandira ndalama zoposa zimene amawononga posewera mpirawo. Kontirakiti yotere nthawi zambiri imakhala ndi ndime yokhudza zithunzi za wosewera, ndipo ndimeyo muyenera kuidziwa musanalonjeze kanthu kwa wina.

Mfundo yaikulu kwambiri ndi iyi: dzina ndi nkhope yanu muzibwereketsa, musazigulitse. Mlimi wa ku Bembeke akabwereketsa dimba kwa mnzake kuti alimemo mbatata ya kachewere, amagwirizana za malire, za mtengo ndi za nyengo imodzi, ndipo akakolola dimba limabwerera kwa mwini wake. Mgwirizano wanu ukhale wotero. Papepala palembedwe tsiku loyambira ndi tsiku lothera, ndipo kwa wophunzira miyezi 6 kapena chaka chimodzi ndi nthawi yokwanira, popeza dzina la wosewera wachinyamata likhoza kukwera mtengo m'nyengo imodzi yokha ya masewero. Palembedwe kuchuluka kwa zithunzi ndi makanema, malo amene zidzaonekere, kaya ndi pa chikwangwani cha m'mbali mwa msewu wa M1, pa Facebook, pa wailesi ya m'dera kapena pa makalendala, komanso katundu weniweni amene mukutsatsa. Mukavomera kutsatsa mbewu ya chimanga, wamalondayo asadzatenge chithunzi chomwecho ndi kuchiika pa malonda a ngongole za katapira amene mchimwene wake amachita. Mawu ngati akuti "mpaka kalekale", "pa njira iliyonse" kapena "pamodzi ndi makampani ena ogwirizana nafe" muwakane, ngakhale ndalama itaoneka yambiri bwanji. Palembedwenso kuti nthawi ikatha, wamalonda adzachotsa zikwangwani ndi ndalama zake m'masiku owerengeka amene mwagwirizana.

Pali mfundo ina imene amalonda amakonda kuibisa pakati pa ndime, yoletsa wosewera kugwira ntchito ndi wina aliyense. Kuletsa koyenera ndi kokhudza malonda ofanana okha. Mwini shopu ya nsapato akhoza kukuletsani kutsatsa shopu ina ya nsapato, koma alibe chifukwa chokuletsani kutsatsa malo odyera, ndipo akafuna kuti mukhale wake yekha, mtengo ukwere.

Pa nkhani ya mtengo palibe mulingo wokhazikika, koma pali njira yowerengera. Yambani ndi zimene ntchitoyo ikudyereni: maola ojambulitsa, ulendo wopita ndi kubwera, chakudya, intaneti yoikira zithunzi pa tsamba lanu. Kenako funsani mtengo wolengezetsa malonda pa wailesi ya m'dera kapena wolembetsa chikwangwani, kuti mudziwe ndalama imene wamalondayo amalipira kale pofuna kumveka, ndipo mtengo wanu muuike moyerekeza ndi imeneyo. Pemphani theka la ndalama musanajambulidwe ndipo theka linalo lilipidwe chithunzi chisanatuluke, chifukwa chikangotuluka mphamvu yanu yokambirana yatha. Ndalama idzere ku banki, pa Airtel Money kapena pa Mpamba, kuti pakhale umboni wa tsiku ndi kuchuluka kwake. Malipiro a katundu, monga nsapato zosewerera kapena foni, si oipa, makamaka kwa wophunzira amene akusewera ndi nsapato zobwereka, koma mtundu wa katunduyo ndi mtengo wake zilembedwe. Mawu akuti "tidzakuganizirani zinthu zikayenda" si malipiro. Kampani yolembetsedwa ikhoza kudula msonkho pa ndalama yanu kuti ikaupereke ku MRA, ndipo ikatero muipemphe chikalata chosonyeza ndalama imene yadulidwa.

Pali malonda ena amene ndikukulangizani kuwakana ngakhale mutasowa sopo. Oyamba ndi a kubetcha. Makampani a juga ali ndi ndalama ndipo alowerera kwambiri m'masewero a mpira, koma malamulo a FIFA amaletsa osewera kubetcha pa mpira, ndipo wosewera amene nkhope yake ili pa chitseko cha malo obetchera amakayikiridwa msanga tsiku limene waphonya penate. Kuonjezera apo, wophunzira wa pakoleji ya aphunzitsi adzaima kutsogolo kwa ana a pulayimale posachedwapa, ndipo anawo adzakhala ataona kale chithunzi cha aphunzitsi awo chikuwaitanira ku juga kapena ku mowa. Achiwiri ndi a mankhwala opatsa mphamvu ndi zakumwa zimene simukudziwa zomwe zaikidwamo. Malamulo a dziko lonse oletsa mankhwala m'masewero, amene bungwe la WADA limayang'anira, amati wosewera ali ndi mlandu pa chilichonse chopezeka m'thupi mwake, kaya anadziwa kaya sanadziwe. Achitatu ndi a ndale. Chisankho chikamayandikira mabonanza amachuluka, ndipo kusewera mu bonanza kulibe vuto, koma kujambulitsa mutavala nsalu ya chipani ndi nkhani ina, chifukwa chithunzicho chidzakutsatani pofunsira ntchito ndipo ochemerera theka adzakutembenukirani.

Sukulu ndiyo inakufikitsani pamene muli, choncho mgwirizano uziilemekeza. Palembedwe kuti simudzaitanidwa nthawi ya makalasi, sabata za mayeso kapena pamene muli ku sukulu zophunzirira ntchito, ndi kuti adzakudziwitsani masiku angapo tsiku lojambula lisanafike. Palembedwenso kuti mukavulala kapena kochi akakuikani panja, ndalama imene mwalandira kale simudzabweza. Mfundo imeneyi ndi yofunika chifukwa wophunzira amene akuopa kubweza ndalama amabisa kuvulala ndi kulowa m'bwalo bondo lili lotupa, ndipo zotsatira zake zimakhala za moyo wonse.

Tsiku losaina musasaine pomwepo. Tengani pepalalo mukagone nalo, ndipo mukalionetse kwa munthu wodziwa, monga mphunzitsi amene mumamukhulupirira, loya ngati mungamupeze, kapena a Legal Aid Bureau amene amathandiza anthu osowa ndalama za loya. Wamalonda amene akukana kuti pepala lituluke mu ofesi mwake wakuuzani kale mtundu wa munthu amene iye ali. Ngati pepala lalembedwa m'Chingerezi chovuta, pemphani kuti mfundo zake zilembedwenso m'Chichewa, makamaka ngati makolo kapena amalume ndiwo akhale mboni. Amene sanakwanitse zaka 18 ndi mwana malinga ndi malamulo a dziko lino, ndipo kholo kapena womuyang'anira ayenera kusaina nawo. Mapepala akhale awiri ofanana, lina litsale kwa inu, ndipo mulijambule pa foni. Chitupa cha unzika kapena pasipoti musasiyire munthu aliyense ngati chikole.

Kwa atsikana a ntchemberembaye ndi a mpira wamiyendo ndiyenera kunena mosabisa kuti si aliyense wobwera ndi mawu a malonda amene akufuna malonda. Zokambirana zichitike masana, pa malo oonekera, muli ndi mnzanu kapena mphunzitsi wamkazi, ndipo zovala zojambulira zigwirizanidwe pasadakhale. Munthu akayamba kusintha malo okumanirana kapena kuimba foni usiku, nkhani ithere pomwepo ndipo akuluakulu a sukulu adziwitsidwe.

Adzabweranso anthu odzitcha maejenti. Wothandiza weniweni amalandira gawo lake ndalama ikalowa, ndipo gawolo limalembedwa. Amene akufuna kuti mumulipire kaye kuti akupezereni kampani mumusiye. Mukumbukirenso anzanu a m'timu, pakuti wogoletsa zigoli amatchuka chifukwa pali wina amene amamupatsira mpira. Chithunzi chikakhala cha timu yonse, aliyense woonekamo avomereze, ndipo kagawidwe ka ndalama kakambidwe pamaso pa onse ndalamayo isanabwere.

Amene akulakalaka kukaphunzira ku America kudzera m'masewero asunge mapepala onse a ndalama zimene analandirapo, chifukwa NCAA imafunsa mbiri ya wosewera isanamulole kusewera, kuphatikizapo makontirakiti ndi malipiro a m'mbuyo. Adziwenso kuti ufulu umene ophunzira a kumeneko anapeza mu 2021 sufika mofanana kwa ochokera kunja, popeza chitupa cha F-1 chimene ophunzira akunja amalowera nacho m'dzikolo chimaletsa ntchito zambiri zolipidwa, ndipo kutsatsa malonda muli komweko kukhoza kukuchotsetsani chilolezo chokhalira m'dzikolo. Funsani ofesi ya ophunzira akunja pasukulupo musanavomere chilichonse.

Mukapeza kuti wina waika chithunzi chanu pa malonda ake musanalole, kapena chikwangwani chikadalipo nthawi ya mgwirizano itatha, musayambe ndi kulalata pa Facebook. Jambulani chikwangwanicho kapena tsambalo mosonyeza tsiku, kenako lembani kalata yaulemu yopempha kuti achichotse pofika tsiku lakutilakuti kapena abwere mudzakambirane mtengo watsopano, ndipo kalatayo mukaipereke muli ndi mboni, inu mutasunga ina yofanana nayo. Tsikulo likadutsa popanda yankho, tengani kalatayo, zithunzi zija ndi pepala la mgwirizano, mupite nazo kwa akuluakulu a koleji ndi kwa loya.